Tivi ya a Makwinja Inalibe Mawu

Ndikawakumbukira a Makwinja, mphuno ndi imene imayamba: fungo la fumbi lotentha lotuluka kumbuyo kwa tivi, losakanikirana ndi polishi wa nsapato, ndi utsi wa nkhuni za paini zimene azimayi ankatsika nazo kuphiri m'mawa uliwonse, mitolo italiitali ikugwedera pamutu. Nyumba yawo ku Mtiya inali yogundana ndi yathu, kulekana ndi mpanda wa bango, ndipo m'miyezi yozizira, chiperoni chikaphimba phiri la Zomba mpaka mitengo kusowa, utsi wa m'makhitchini onse unkakana kukwera kumwamba, n'kumangoyendayenda m'makhonde ngati ukufuna wocheza naye.

Anali aatali, owuma thupi, oyenda chowongoka ngati pali wina kumbuyo akuwawerengera mapazi. Anagwira ntchito zaka zambiri m'bandi ya mayunifolomu, kuliza lipenga pa zikondwerero, mpaka mano akutsogolo atagweluka. Lipenga silimvera munthu wopanda mano. Anapuma ntchito, mayi a kunyumba kwawo anamwalira, ana anabalalika, iwo n'kutsala okha m'nyumba ya zipinda zitatu ndi nsapato zawo zonyezimira.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo dzina langa la ubatizo ankalidziwa amayi ndi aphunzitsi okha. Ena onse ankanditchula Kambuzi, katsabola kaja kakang'ono kamene kamaliza munthu wandevu. Sindibisa, ndinali wandewu. Munthu akandiyang'ana nthawi yaitali, ndewu. Akapanda kundiyang'ana, ndewunso. Tsiku limene ndinang'amba malaya a mwana wa anesi chifukwa cha mpira wachikulunga, amayi anandigwira khutu n'kundikokera pakhonde pa a Makwinja.

"Bambo, mutengeni uyu muzimutuma," anatero amayi. "Mumutume mpaka miyendo ifewe. Ine ndatopa n'kupepesa m'makomo mwa anthu."

A Makwinja anaika pansi nsapato imene ankapukuta, n'kundiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Uyu alibe vuto, mayi. Mpweya wamuchulukira basi. Akusowa lipenga."

Ndipo anandituma zedi. Kumsika kukagula matemba a ku Chilwa, osati ophwanyika mitu. Kwa mnzawo wina, mesenjala wa kumaofesi, kukatenga nyuzipepala ya dzulo. Kuchigayo. Kuphiri kukagula mapichesi ndi mbatata ya kachewere kwa anthu a m'mbali mwa msewu, ulendo woti pobwera maondo akunjenjemera. Koma katumidwe kawo kanali kachilendo. Ulendo uliwonse unali ndi nyimbo yake. Ankandiimbira mluzu wophwephwera wa munthu wopanda mano, nyimbo ya paredi, n'kunena kuti, "Kumsika upite ndi iyi. Ukamafika pamlatho ikhale yatha kawiri. Usathamange, usazengereze." Ndikachedwa kubwera sankafunsa za matemba. Ankangoti, "Nyimbo ija yadukira pati? Wamenyana ndi ndani?"

Tivi inabwera chaka chimene zithunzi za kanema zinayamba kuoneka kwathu kuno. Anawagulira ndi mwana wawo, Anti Gire, amene ankagwira ntchito m'banki ku Blantyre. Anaigula kwa mphunzitsi wina wa kukoleji amene ankabwerera kwawo, n'kutuma anthu kuti aitule. Ine ndi amene ndinakwera padenga ndi nsungwi ya eliyo, a Makwinja akukuwa pawindo: "Tembenuza! Pang'ono! Basi! Ayi, wabwezanso mpunga!" Mpunga tinkanena timadontho toyera tija todzaza galasi lonse. Patapita nthawi chithunzi chinayera, munthu wovala tayi n'kuoneka akutsegula pakamwa ndi kutseka. A Makwinja anapotokola kabatani ka mawu mpaka kumapeto. Zii. Anaimenya pambali. Zii. Tivi inali yosalankhula.

Zimenezo sizinaletse anthu. Mu mzere wathu wonse munalibe ina. Loweruka masana pabalaza panadzaza, akuluakulu pamipando, azimayi pamkeka, ana pawindo. Kutsogolo kwenikweni kunakhala Abiti Juma, mayi wamasiye wogulitsa mandasi kudepoti, amene akaseka anthu a ku Masongola ankadziwa kuti kwa ife kwachitika zabwino. Kunkaonetsedwa sewero la azungu a tsitsi lakuda, okhala m'nyumba yaikulu ya masitepe. Tinaonerera mwakachetechete ngati tili pa maliro a munthu wosamudziwa. Ndiye panatulukira mwamuna wa ndevu za pamlomo, akuloza chala mkazi wovala zakuda, mkaziyo misozi ili mbwembwembwe. Analoza kamodzi, kawiri, kachitatu. Ine magazi anandithamanga.

"Galu iwe!" ndinakuwa. "Ukufuna kulanda chigayo cha malemu m'bale wako, maliro asanazizire n'komwe!"

Pabalaza ponse panatembenukira kwa ine. Ndinayembekezera khofi. Koma Abiti Juma anandiyang'ana maso ali tong'o.

"Akufuna chigayo?"

"Eya."

"Nanga mayiyo wayankha kuti chiyani?"

Mkazi uja anali atatsegula pakamwa. "Akuti, alamu, chigayo chimenechi ndinasenzera njerwa ndine, inu muli ku Joni."

"Auze!" anakuwa Abiti Juma, akumenya ntchafu. "Auze, mwana wa mayi!"

A Makwinja anadzuka n'kulowa kuchipinda. Tinamva chinthu chikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka atakolekera pachifuwa kodiyoni, choimbira chija chokoka ndi kufinya, fumbi lili mbuu m'mapindo mwake. Anakhala pambali pa tivi. Mkazi uja atayamba kukwera masitepe akulira, kodiyoni inalira naye limodzi, pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ndi mawu ake. Wandevu uja atatulukiranso, inabangula pansi ngati ng'ombe. Ana pawindo anathawa, n'kubwereranso akuseka.

Zinayamba choncho. Lolemba lake, kudepoti konse kunali kutamva kwa Abiti Juma kuti ku Mtiya kuli mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga milomo ya azungu. Ine sindinanenepo zimenezo. Komanso sindinakane.

Sewerolo linkaonetsedwa Lachitatu madzulo, dzuwa likadalipo, n'kubwerezedwa Loweruka masana. A Makwinja anakhazikitsa lamulo: Lachitatu chitseko chotseka, awiriwiri. Anandituma kukagula kope la masamba ambiri ndi bolopeni ziwiri. Ine ndinkakhala pansi, kope pabondo, iwo pampando, wotchi ya padzanja ili patebulo.

"Walankhula masekondi khumi uyo," ankatero. "Usamupatse ulaliki. Mawu ako athere pamene pakamwa pake patsekera."

Pena ankandigwira dzanja. "Apa akuyang'ana pawindo. Usalembe kanthu. Pamenepa ndi panga."

Azungu aja ndinawapatsa mayina. Mkazi wa zakuda uja anali Esinala. Mlamu wake anali Che Ndevu. Panali nkhalamba ina ya mandala yoyenda ndi mapepala, imeneyo inali a Kalaliki a kukhoti. Nyumba ya masitepe ndinaiika kumtunda, panjira yopita kuphiri. Akamamwa zofiira m'matambula aataliatali, ndinkati ndi chidede. Akakwera mahatchi, palibe anadabwa, mahatchi kuphiri aliko. Pakati pa Lachitatu ndi Loweruka ndinkalemba paliponse: pamzere wa kuchigayo, pamwala wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi pochokera kogula mapichesi, kumbuyo kwa kalasi nthawi ya masamu. Ndinkafufuta, kulembanso, kuyeserera mawu a Che Ndevu panjira mpaka azimayi a nkhuni kundipatukira.

Nthawi zina azunguwo ankatisokoneza. Lachitatu lina Che Ndevu anamukumbatira Esinala, n'kumugwira nthawi yaitali, dzanja likuyenda kumsana. Ndinaponya bolopeni pansi.

"Agogo, awa atiwonongera nkhani! Adani amagwirana chonchi?"

A Makwinja anayang'anitsitsa, akusisita chibwano. "Tola bolopeni. Akumusecha makiyi a chigayo."

Loweruka lake Abiti Juma anaimirira n'kukuwira tivi kuti, "Esinala, gwira m'thumba! Wakuba uyo!"

Miyezi inayi imeneyo sindinamenye munthu. Sikuti ndinasanduka mngelo ayi. Mkwiyo wonse ndinkaupatsa Che Ndevu ndi Esinala. Aphunzitsi akandikwapula popanda chifukwa, Loweruka Esinala ankalankhula mawu oti khoma ling'aluke. Amayi anadabwa mpaka anawapititsira a Makwinja nkhuku.

Tsiku lina anthu atabalalika, Abiti Juma anatsalira. Anandipatsa mandasi awiri okulunga m'nyuzipepala, n'kulankhula motsitsa, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha.

"Iwe Kambuzi, mlandu uja ulowa liti m'khoti?"

"Posachedwa. A Kalaliki akusonkhanitsa mapepala."

"Ine ananditengera makina osokera," anatero. "Ndi malata amene tinagula kuti tidzamange. Abale a malemu. Anabwera ndi lole, ine ndikadali m'nsalu yakuda." Anapukuta manja pachitenje. "Esinala asaluze, wamva?"

"Sangaluze," ndinatero, ngati ndine woweruza.

Mlandu unali utatsala sabata imodzi kuti ugamulidwe pamene Anti Gire anabwera kutchuthi. Anafika Loweruka masana sewero lili mkati, atavala nsapato za gogoda, chikwama m'manja, n'kupeza nyumba ya bambo awo yadzaza mpaka pakhomo, tivi ili chete, bambo awo akukoka kodiyoni thukuta lili kamukamu, ine ndikukuwa ndi mawu achikazi. Anaimirira pakhomo mpaka zonse zinatha. Anthu atachoka ndinamva ali kukhitchini.

"Ababa, miyezi inayi! Ndinakugulirani chinthu chakufa, inu osandiuza? Anthu aziti Gire anatayira bambo ake zinyalala. Lolemba ipite kwa mmisiri."

Ndinadikira kuti a Makwinja akane. Anangoti, "Chabwino, mama."

Ndipo wotumidwa anali ndani? Ine. Lolemba m'mawa, sukulu titatsekera, a Makwinja anabwereka wilibala, anayalamo bulangete, tinakweza tivi, iwo n'kuifunditsa jekete lawo la kubandi, lija la mabatani achikasu ndi zingwe paphewa, loti ngakhale fumbi sankalola kuti liligwere.

"Upite nayo ngati wanyamula khanda," anatero. Nyimbo sanandipatse.

Ndinakankha wilibala ija mano ali gwa. Ndinkadziwa chimene ndanyamula. Tivi ikalankhula, aliyense adzamva kuti Kambuzi sawerenga milomo ya munthu, kuti chigayo ndi cha m'mutu mwanga. Adzandiseka kuyambira ku Mtiya mpaka kudepoti. Kope lidzakhala loyatsira mbaula. Ndipo Abiti Juma? Pamtsetse wotsikira kumlatho ndinaima. Wilibala inkandikoka yokha. Kunali kungotsegula zala basi, ndiye n'kukanena kuti ndinaterereka, msewu unali wonyowa ndi chiperoni. Ndinamasula dzanja limodzi ndithu. Koma mphepo inakupiza mkono wa jekete lija, mabatani n'kung'anima, ndipo ndinaona m'maganizo jekete la a Makwinja lili m'matope a mumtsinje. Ndinatukwana mokweza, mayi wina wodutsa mpaka anagwira pakamwa, ine n'kugwiranso chogwirira cha wilibala. Ndinatsika mtsetsewo chobwerera m'mbuyo, ndikulira ndi ukali.

Mmisiri wa mawayilesi anali ndi kashopu kuseri kwa msika, kodzaza ndi mitembo ya makaseti. Anavundukula jekete, n'kuseka asanatsegule n'komwe.

"Iyi si ya a Makwinja iyi? Atembenuka mtima?"

"Mukuidziwa?"

"Aise, ndi kawaya kamodzi kokha kanathothoka kusipika. Anandiitana okha itangobwera kumene. Ndinachedwa, ndinafika Lolemba lotsatira, chowotcherera changa m'manja. Ndatsegula, ndawaonetsa, ndati ntchito ya maminitsi asanu. Iwo akuti, tsekani momwemo, imwani tiyi muzipita. Ndinaona ngati ukalamba."

Anawotcherera kawaya kaja ndikuona. Analumikiza kumagetsi. Tivi inatsokomola, n'kuyamba kufuula ngati yakhala ikusunga mawu miyezi yonseyi.

Ndinafika kunyumba thukuta lili thupi lonse. Anti Gire anali kosamba. Sindinapereke ngakhale moni.

"Agogo, munkadziwa!"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye mwanditumiranji? Bwanji osawauza Anti kuti simukufuna?"

Anatenga jekete lawo, analikutumula, analipinda bwinobwino. "Mwana akakugulira chinthu ndi thukuta lake, ungamuuze kuti umachikonda chili chowonongeka?" Anakhala pansi. "Kodiyoni ija yakhala pansi pa bedi zaka zisanu ndi zinayi, Kambuzi. Chimwalirireni amayi ake a Gire. Ndikanaimbira ndani, makoswe? Ndiye iwe unakuwa za chigayo, ine zala n'kuyamba kundiyabwa. Ukuganiza kuti wotaya ntchito Loweruka ndiwe wekha?"

Lachitatu sindinapite. Ndinakhala kuseri kwa nyumba yathu ndikugenda mtengo wa mapeyala. Amayi anatulukira.

"A Makwinja akuti ukawagulire machesi."

Ndinapita nawo machesiwo ndili ndwii, n'kupeza bokosi lina lodzaza lili patebulo. Anti Gire anali atapita ku Malosa kukaona azakhali awo. A Makwinja anatseka chitseko, anayatsa tivi, ndipo sewero lisanayambe anapotokola okha kabatani ka mawu mpaka zii.

"Lemba."

"Ndilemberenji? Loweruka alankhula okha."

"Ife kubandi tinkakonzekera ngakhale mvula ikugwa, osadziwa ngati paredi ichitika. Lemba. Mlandu wa mayi uja ukugamulidwa sabata ino, ukufuna augamule ndani?"

Ndinalemba. Mwamwayi a Kalaliki anatulukira ndi mapepala awo, ndipo chakumapeto anapereka pepala limodzi kwa Esinala, iye n'kuligwira pachifuwa. Ndinalemba tsiku limenelo kuposa masiku onse, bolopeni mpaka kuboola tsamba.

Loweruka kunabwera anthu amene sindinawaonepo. Mbiri inali itamveka kuti tivi ya a Makwinja yachira. Anti Gire anasesa, anaika maluwa patebulo, anakhala pambali pa tivi pamene pankakhala bambo awo, kuti azimasulira. A Makwinja anakhala pakona, kodiyoni ili pansi pa mpando. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, kope ndalipinda m'thumba la kabudula.

Sewero linayamba ndi nyimbo yakeyake. Anthu anaombera m'manja. Ndiye azungu aja anatsegula pakamwa, n'kutuluka Chingerezi chothamanga, chodutsira m'mphuno, choti ngakhale ine wa sukulu ndinangotolapo mawu awiri. Anti Gire anayamba.

"Uyu akuti amamukonda kwambiri, koma mayi ake sakufuna."

"Ndani akukonda ndani?" anafunsa Abiti Juma.

"Wandevuyu. Ndi chibwenzi cha mtsikanayu."

"Mlamu wake?"

"Si mlamu wake, mayi. Mtsikanayu sanakwatiwepo."

"Nanga malemu?"

"Malemu ati? Palibe anamwalira."

"Nanga zakudazo?"

"Ndi fashoni chabe."

Kenaka Abiti Juma anafunsa pang'onopang'ono, "Nanga chigayo?"

Anti Gire anayesetsa kudzigwira, koma kuseka kunawapulumuka. "Chigayo chake chiti? Anthu awa ali ndi minda ya mphesa. Akulira chifukwa mwamunayu akupita kunja miyezi itatu."

Bambo wina wogulitsa makala, amene ankakhala pawindo sabata iliyonse, ndi amene anayamba. "Hede! Kambuzi watidyetsa bodza miyezi inayi! Wowerenga milomo uja!" Nyumba yonse inaphulika. Ana ankandiloza. Makutu anga anatentha, manja anafumbata okha. Ndinatulutsa kope lija, ndinaliponya pakati pa mkeka, n'kukuwa molunjika kwa Anti Gire, munthu wamkulu wa m'banki, pamaso pa bambo awo:

"Inu mwabwera dzana! Za chigayo mukudziwapo chiyani?"

Kuseka kunaduka. Mwana kukalipira wamkulu m'nyumba ya eni. Ndinaona amayi pakhomo, nkhope itasintha, ndipo ndinadziwa kuti khutu langa lapita. Azungu okha ndi amene ankapitiriza kulankhula.

Abiti Juma anadzuka. Anamanga chitenje bwinobwino, anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anafika patsogolo pa tivi, anawerama, n'kupotokola kabatani kaja mpaka zii.

"Azunguwa nkhaniyi sakuidziwa," anatero.

Anatembenukira kwa Anti Gire. "Mayi, musakhumudwe. Chizungu chanu n'chabwino, sukulu sinapite pachabe. Koma ine ndasiya mandasi ndi mwana wa eni kudepoti kudzamva mlandu wa chigayo. Sindinabwerere anthu okhuta olirira miyezi itatu. Wanga anapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndipo sabweranso." Analoza wamakala uja. "Inunso, bambo, bodza lomwelo si lija munkalirira sabata yatha, kumanamizira utsi?" Kenaka anatola kope, analikutumula, n'kundiloza nalo. "Iwe, gwada upepese kwa anti ako. Ukatero uwerenge. Changu, a Kalaliki alowa kale."

Ndinagwada. Mawu opepesa anatuluka ngati ndikusanza minga, koma anatuluka. Ndikudzuka ndinamva kumbuyo kwanga kodiyoni ikukoka mpweya, kupuma kuja kwa nkhalamba yodzuka kutulo. A Makwinja anali ataikolekera kale.

Ndinayamba kuwerenga. Che Ndevu ananama m'khoti, a Kalaliki anamugwira bodza. Esinala anawerenga njerwa zimene anasenza, imodziimodzi. Pamene nkhalamba ya mandala ija inatambasula pepala, ndinakuwa chigamulo: chigayo ndi cha Esinala, pamodzi ndi makina osokera, pamodzi ndi malata onse amene anatengedwa pa lole, abwezedwe dzuwa lisanalowe. Za makina ndi malata zinalibe poyambira m'nkhani yonse, koma palibe anafunsa. Esinala anagwira pepala pachifuwa, a Makwinja anagwetsa nyimbo ya paredi, ija ya kumsika, ndipo Abiti Juma analuluta nthungululu yoti ku Masongola anaimva ndithu. Anavina pakati pa mkeka, misozi ikutsika, azimayi ena n'kulowa m'bwalo, wamakala akuomba m'manja pawindo ngati si yemwe uja.

Ine ndinayang'ana Anti Gire. Sankayang'ana tivi, sankayang'ana ovina. Ankayang'ana bambo awo, zala zikuthamanga pamabatani, mutu uli m'mbali, akuseka ndi nkhama zokhazokha. Nyimbo itatha anapita kukagwada pambali pa mpando wawo.

"Ababa, nyimbo imeneyi ndinaimva komaliza amayi ali moyo. Bwanji simunandiuze?"

"Ndimaopa ungaibweze tivi kwa mwini wake," anatero a Makwinja. "Ndi tivi yabwino, mama. Imadziwa kukhala chete."

Khutu analikokabe amayi madzulo ake. Koma kuyambira pamenepo panakhala lamulo: nkhani ndi mpira, mawu azimveka, sewero likayamba, kabatani pansi. Ankapotokola ndi Abiti Juma, palibe wina ankaloledwa. Anti Gire anabwerera ku Blantyre, ndipo kumapeto kwa mwezi kunafika phukusi la makope asanu ndi kakalata koti m'nkhanimo mulowe mayi wa kubanki, wokongola, wosakalipiridwa ndi ana. Ndinamulowetsa. Panali mzungu wina wamkazi wovala magalasi akuda amene ankasowa ntchito m'nkhani yanga.

A Makwinja anamwalira ndili Folomu 4. Kodiyoni anandisiyira ine, ngakhale ankadziwa kuti zala zanga n'zogwirira hamala. Ili pamwamba pa kabati, sindinaiike pansi pa bedi. Lero ndine kapitawo pamalo ocheka matabwa, ndipo amene amagwira nane ntchito angakuuzeni kuti Kambuzi sanafe. Ndimakalipa. Koma m'thumba la ovolosi mumakhala kope, ndipo mkazi wanga akaona mitsempha ya pakhosi yatuluka, amangondiikira bolopeni patebulo ngati mankhwala. Ndimatenga anthu a m'masewero a pa tivi amene eni ake awalakwira, n'kuwalembera zimene zinayenera kuchitika. Ana anga akuti zimenezi zili ndi dzina lake la Chingerezi, akuti achinyamata dziko lonse amalemba zotere pa foni. Ndinawauza kuti achedwa, ife ku Mtiya tinayamba ndi wilibala.

Loweruka lapitali ndinafika kunyumba nditayambana ndi dalaivala wa lole. Ndinangodziponya pampando. Pa tivi panali mwamuna wina akuloza chala mkazi. Mwana wanga wamng'ono, wa zaka zisanu ndi zinayi, anandiyang'ana, anatenga rimoti, anatsitsa mawu mpaka zii, n'kudzakhala pafupi nane.

"Adadi," anatero, "akufuna kumulanda chiyani?"